Nthambi za Kesha Pamsewu Wathu

Ndikasenda nachesi, fungo la makoko ake limandibwezera ku m'mawa wina wa mwezi wa Juni, pamene nthambi zinayi za kesha zinali zitagona pamsewu wathu, masamba ake atanyowa ndi mame, fumbi lisanayambe kuuluka. Ine ndinali nditaima pambali ndi chikwanje m'manja, zala zitauma ndi chisanu, ndili mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Nthambizo ndinazidula ndine, ndipo amene analamula kuti zidulidwe anali amayi. Aliyense amene anakulira kuno amadziwa chimene masamba pamsewu amanena: pano pali maliro. Woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi, wa njinga amatsika n'kuyamba kukankha, wovala chipewa amavula. Koma m'mawa umenewo pakhomo pathu panalibe amene anamwalira.

Nyumba yathu inali m'kamsewu ka kuseri kamene kamachoka pafupi ndi msika wa pa boma la Mwanza n'kukatulukira ku msewu waukulu wopita ku malire. Zaka zonse za ubwana wanga kamsewuko kanali bwalo lathu. Madzi a mvula anali atakumbamo zigwembe zakuya, kotero kuti galimoto imene inkalimba mtima kulowamo inkayenda motsimphina, ndipo tinkatha kumaliza gawo lonse la phada isanatifike. Tinkasewera fulaye ndi jingo pakati penipeni, azimayi ankayanika mphale pamikeka m'mbali mwake, mbuzi zinkagona pamene zafuna. Mjigo umene tonse tinkatungapo madzi unali kutsidya, moyang'anizana ndi khomo lathu, ndipo munthu ankawoloka kakhumi pa tsiku osaganiza n'komwe kuti akuwoloka msewu.

Mng'ono wanga Tiyanjane, amene tinkangomutchula kuti Tiya, anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Malungo aakulu anamugwira ali ndi zaka zitatu, ndipo anamusiyira moyo koma anamutseka makutu. Tinkalankhula naye ndi manja, m'chinenero chimene tinachipeka tokha pakhomo. Kugwira chibwano kunali amayi, kuloza kumadzulo kunali atate, amene ankagwira ntchito ku Tete ndipo ankabwera mwezi ukatha, nthawi zina patapita miyezi iwiri. Kufumbata dzanja kunali kunena kuti khala pomwepo. Tiya anali ndi khalidwe limodzi limene amayi ankanyadira nalo pamaso pa alendo: chinthu ankachiphunzira kamodzi, ndipo akachigwira sankachisiyanso. Anamuonetsa kamodzi kuti nsapato zimakhala kuseri kwa chitseko, ndipo kuyambira pamenepo ankatolera ngakhale nsapato za alendo n'kukaziika kumeneko, iwo ali pakati pa kucheza.

Chaka chimenecho, mvula itangosiya, kunabwera makina opala msewu. Anakwirira zigwembe, anathira miyala, anapsinja mpaka msewu unasalala ngati pakhonde pozira. Azimayi analuluta, ife ana tinathamangira makinawo mpaka kukona ya chigayo, ndipo akuluakulu anati chitukuko chafika pakhomo. Ndikaunika lero ndimaona kuti palibe ngakhale mmodzi amene anafunsa funso lofunika: zigwembe zija zinkagwira ntchito yanji? Zinali zoipa, zinkathyola masipoko a njinga, koma n'zimene zinkalamula liwiro m'kamsewu kathu. Atazichotsa sanaike china m'malo mwake. Panalibe chikwangwani, panalibe hampu yochepetsa liwiro, panalibe lamulo lililonse limene munthu akanaloza. Pa nthawi yomweyo mzere wa magalimoto akuluakulu odikira kuwoloka malire unkatalika mpaka kutseka mbali ina ya msewu waukulu, ndipo madalaivala a maminibasi ndi matakisi, amene amalimbirana anthu pakati pa boma ndi malire, anatulukira kuti kamsewu kathu n'kachidule. Amene wafika msanga ndiye ankadzaza galimoto, choncho aliyense ankathamanga.

Zinayamba ndi nkhuku. Kenako galu wa pachigayo, kenako mbuzi ya bere. Fumbi lofiira linalowa paliponse, m'mphale, m'zovala zoyanika, m'mano. Inali nyengo ya manachesi, pamene Mwanza yense amanunkhira zipatso zakupsa ndipo madengu amadzaza m'mbali mwa misewu, koma pakhomo pathu fungo limenelo linasakanizika ndi la dizilo ndi la matayala otentha. Masewera anasamukira kuseri kwa nyumba. Ana amene ankamva anaphunzira msanga kutchera khutu asanawoloke, chifukwa minibasi inkamveka isanaonekere pakona. Tiya yekha analibe chomutchinjiriza. Madalaivala ankakhulupirira hutala, ndipo hutala kwa iye inali chimodzimodzi ndi kukhala chete.

Tsiku lina masana Tiya akuwoloka ndi kapoto ka madzi pamutu, minibasi inatulukira pakona ya chigayo. Hutala inalira, ife tonse amene tinali pamjigo tinakuwa, iye anangopitiriza kuyenda pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. Galasi la m'mbali linamenya kapotoko n'kukaponyera m'ngalande. Tiya anatsala ataima, diresi litanyowa, akuseka, poganiza kuti mphepo yamulanda poto. Amayi, amene anaona zonsezo ali pakhonde, anathamanga mpaka pakati pa msewu, ndipo atamugwira anakhala naye pansi pafumbi pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo sanadyenso bwino. Galimoto ikamveka ankasiya chilichonse chimene chinali m'manja n'kuyamba kufunafuna Tiya ndi maso.

Ndiyenera kunena mwadongosolo zimene amayi anayesa asanafike pa nthambi, chifukwa anthu amene anawaweruza pambuyo pake anaiwala zonsezi. Poyamba anandilembetsa kalata. Ndinang'amba pepala la pakati pa kope, ndipo ndi Chingerezi changa cha sitandade sikisi ndinapempha chikwangwani chochepetsa liwiro ndi mahampu awiri. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita nayo ku ofesi ina imene anawauza kuti imaona za misewu. Ulendo woyamba anawauza kuti abwana ali ku msonkhano. Ulendo wachiwiri anawauza kuti kalata yotere siyichokera kwa munthu mmodzi, imafunika komiti ndi chidindo. Ulendo wachitatu, komiti itapezeka ndi chidindo chomwe, anawauza kuti msewuwo sunaperekedwe m'manja mwa ofesiyo, udakali wa kontilakita, ndipo kontilakitayo anali atapita kukagwira ntchito kwina. Amayi anabwera akubwereza mawu amodzimodzi njira yonse, kuti msewu umene ukufuna kupha mwana wawo ulibe mwini.

Kenako abambo ena a m'kamsewu anaunda mtumbira wa dothi kudutsa msewu. Unakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu kapitawo wa kontilakita anabwera ndi anthu ake, anausalaza, n'kuchenjeza kuti wowononganso msewu akagona kupolisi. Abambowo anabweza makasu m'nyumba. Pamenepo amayi anachita chinthu chimene mpaka lero sindifuna kuchikumbukira: analumikiza zitenje ziwiri, anamanga Tiya m'chiuno n'kumangirira ku nsanamira ya khonde, monga timachitira ndi mbuzi nthawi ya dzinja. Tiya sanalimbane nawo. Anangokhala pansi akuwayang'ana, misozi ikutsika popanda phokoso, osadziwa chimene walakwa. Dzuwa lisanafike pamutu amayi anamumasula, ndipo analowa m'nyumba kukalira okha.

Sabata yotsatira kunamwalira mkulu wina wosoka nsapato amene ankakhala nyumba zitatu kuchokera kwathu. Anaika masamba pamsewu, mbali ino ndi mbali iyo, ndipo kwa masiku atatu kamsewu kathu kanabwerera mwakale. Maminibasi omwe aja ankayenda ngati akuopa kudzutsa munthu, makondakitala atalowetsa mitu, wailesi zitatsekedwa. Fumbi linakhazikika. Ana ankawoloka ndi ndowa zawo popanda wowakuwira. Ndinaona amayi ali pakati pa azimayi a pasiwa, milomo ikuimba nawo nyimbo koma maso ali pamsewu, akutsatira galimoto iliyonse kuchokera pa nthambi zoyamba mpaka pa zomaliza. Chimene ofesi inalephera, chimene mtumbira unalephera, masamba ochepa anali kuchichita popanda wapolisi. Mkulu uja ataikidwa, masamba anasesedwa, ndipo madzulo omwewo liwiro linabwerera. M'mawa mwake amayi anandipatsa chikwanje n'kuloza mtengo wa kesha wa kuseri kwa bafa.

Nthambi zitayalidwa pamsewu, sipanathe ola limodzi, Anambewe, oyandikana nafe amene ankatsogolera azimayi a kumpingo, anafika atamanga mpango, kabeseni ka ufa kali m'manja. Anagwada pakhonde.

"Pepani, anzathu. Ndani watisiya?"

"Palibe," anatero amayi.

"Nanga masambawa?"

"Ndawaika kuti pasakhale wotisiya."

Anambewe anatula kabeseni pansi. "Anachisale, mutu wanu uli bwino? Mukutilaula tonse m'kamsewu muno. Imfa mukuyiitana ngati mukuitana nkhuku ku madeya."

"Imfayo ikudutsa kale pano m'mawa ndi masana, Anambewe, ili ndi kondakitala wake. Sindinayiitane ine. Ndikungoipempha kuti iziyenda pang'onopang'ono."

Anambewe ananyamula ufa wawo n'kubwerera osatsanzika, ndipo kwa milungu ingapo sanaponde pakhomo pathu. Kamsewu kanagawikana. Ena ankati amayi azunguzika mutu, ena ankati nkhaniyi ikafike kwa akulu a mpingo, ena ankalavula akamadutsa pa nthambizo. Koma ndinaonanso kuti ambiri mwa amene ankanyoza masana ankatumiza ana awo kumjigo m'mawa, nthambi zitangoikidwa kumene.

Kudula nthambi kunasanduka ntchito yanga ya m'mawa, pamodzi ndi kusesa ndi kutsuka mbale. Zinkafunika zaziwisi tsiku ndi tsiku, chifukwa masamba ofota amaonetsa kuti maliro anatha. Manja anga ankanunkha utomoni wowawa wa kesha mpaka kusukulu. Ndipo zinagwira ntchito. Magalimoto ankafika pakona ya chigayo akuthamanga, ankaona zobiriwira pansi, ndipo injini inkatsika mawu. Amayi anayambanso kudya. Tsiku lina anatitenga ine ndi Tiya n'kutiimika m'mbali mwa msewu, kuti timuphunzitse lamulo. Ndinamuonetsa nthambi, kenako ndinayendetsa zala ziwiri pachikhatho: masamba akakhalapo, ukhoza kuwoloka. Ndinabisa nthambi kumbuyo n'kufumbata dzanja: masamba akasowa, khala pomwepo. Tiya anayang'ana nthambi, anayang'ana zala zanga, anagwedeza mutu kamodzi. Tinasangalala kuti wamva msanga. Cholakwa chathu chachikulu chinali chimenecho, ndipo tinachichita tikumwetulira.

Panali munthu mmodzi amene nthambizo zinkamuvutitsa kuposa onse. A Fenando anali mkulu wogulitsa makala amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika cha kwa Nthache. M'mawa uliwonse ankadutsa ndi matumba atatu panjinga, ndipo akafika pa masamba ankatsika, kuvula chipewa, n'kukankha. Ndi katundu wotere, kutsika pamenepo kunkatanthauza kukankha chitunda chonse mpaka kuchigayo, thukuta likuchucha m'chisanu. Amayi anachita manyazi, ndipo tsiku lina anawaimitsa n'kuwauza zoona, kuti palibe maliro ndipo asamadzivutitse. A Fenando anamvetsera, anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kuyankha m'Chichewa chawo chopendekera ku Chinyungwe: "Ndamva, mayi. Koma ife pothawa tinasiya anthu athu m'njira opanda ndi tsamba limodzi lomwe. Ndikaona masamba ndimatsikira iwowo." M'mawa mwake anatsikanso.

Madalaivala sanali ngati a Fenando, ndipo sanali opusa. Maliro ali ndi zizindikiro zambiri kuposa masamba: utsi wa nkhuni zazikulu, abambo okhala pamabenchi, nyimbo za azimayi. Pakhomo pathu ankangoona zovala pachingwe ndi mwana akusenda mtedza. Sabata yachitatu, kondakitala wina wamtali wovala chipewa chofiira anatulutsa thupi pazenera minibasi ikudutsa, n'kukuwira amayi amene ankasesa pabwalo: "Mayi, mtembo wanuwo simukwirira bwanji? Sabata yachitatu ino! Kapena mwausunga m'firiji?" Anthu m'galimoto anaseka. Amayi anapitiriza kusesa ngati sanamve. Pofika madzulo nkhani inali itafalikira pasiteji yonse, kuyambira pa boma mpaka ku malire, kuti masamba a m'kamsewu ka chigayo ndi abodza.

Zotsatira zake zinali zoipa kuposa poyamba, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu amene wavula chipewa kwa milungu itatu n'kuzindikira kuti ankalemekeza mphepo amakwiya, ndipo mkwiyo wa dalaivala umathera pa phazi. Anayamba kuponda nthambizo dala, ena akuliza hutala motitonza. Masamba ankasanduka zinyalala dzuwa lisanakwere. Komabe amayi sanasiye kuziika, popeza magalimoto achilendo, osadziwa nkhaniyi, ankachepetsabe liwiro, ndipo iwo ankati ngakhale galimoto imodzi yokha ikaima, imeneyo mwina ndi imene ikanapha Tiya. Sanalinso kuganiza ngati munthu amene ali ndi njira zingapo. Anali atagwira chinthu chimodzi chimene chinawathandizapo, ndipo analibe china.

Ndinayesa kumasula lamulo lija m'mutu mwa Tiya. Ndinamuonetsa nthambi n'kufumbata dzanja. Iye anapukusa mutu, anagwira dzanja langa, anatambasula zala ziwiri n'kuziyendetsa pachikhatho chake, akundikonza monga mphunzitsi amakonzera mwana wolakwitsa samu. Ndinabwereza kangapo, mpaka anayamba kuseka poganiza kuti ndi masewera atsopano. Chinenero chathu cha manja chinali ndi mawu a madzi, njala, amayi, khala, bwera. Chinalibe njira yonenera kuti chimene chinali choona dzulo lero ndi bodza, kapena kuti anthu akuluakulu asiya kulemekeza maliro chifukwa tawanamiza. Njira yokhayo yomuuzira inali kuchotsa nthambi pamsewu, chifukwa masamba akasowa iye sakanasuntha. Lero ndikuona zimenezi mosavuta. Nthawi imeneyo palibe amene anaziona, ngakhale ine amene ndinkadula.

Linali Loweruka, kumapeto kwa Julayi, manachesi akutha ndipo otsala akuyamba kufewa m'madengu. Amayi anapita kumsika kuti akagulitse asanawole, n'kundisiyira Tiya. Ndinamukhazika pakhonde ndi lichero la mtedza, ndinafumbata dzanja, iye anavomera. Ndinawoloka ndi ndowa. Pamjigo panali mzere, ndipo nditafika popopa ndinali nditachedwa kuposa masiku onse. Nditadzutsa mutu ndinamuona ataimirira m'mbali mwa msewu, m'manja atanyamula theka la nachesi limene anandisungira. Anachita zonse monga tinamuphunzitsira. Anayang'ana kumtunda, nthambi zinalipo. Anayang'ana kumunsi, nthambi zinalipo. Ine ndinali nditamva kale injini kuseri kwa chigayo. Ndinasiya mjigo, ndinakweza dzanja lofumbata m'mwamba, ndinakuwa dzina lake ngakhale ndinkadziwa kuti kukuwa n'kopanda ntchito, koma iye maso ake anali pansi, pamiyala, chifukwa anali wopanda nsapato. Sindilemba zimene zinachitika pambuyo pake. Dalaivala sanaime poopa anthu, anakadzipereka yekha kupolisi. Tiya anamunyamula pa galimoto ya munthu wina wachifundo kupita naye kuchipatala, ndipo anamwalira m'mawa wa tsiku lotsatira, amayi atamugwira dzanja.

Thupi litafika kunyumba, amayi anakana kuti pamsewu paikidwe masamba. Ananena kuti aliyense wokhudza mtengo wa kesha aphe iwo kaye. Amene anawanyalanyaza anali Anambewe. Anafika osaitanidwa, anatenga chikwanje chomwe chija pamene ndinachisiya, anadula nthambi ndi manja awo n'kukaziyala mbali ino ndi mbali iyo, kenako anabwera kudzakhala pafupi ndi amayi n'kuwagoneka mutu pamiyendo pawo. Tsiku limenelo ndi masiku onse otsatira sanatchule n'kamodzi komwe mawu amene anawachenjeza nawo. Ena ananong'ona mokwanira, koma iwo ayi.

Chimene chinachitika kenako ndicho chimandipweteka kuposa imfa yeniyeniyo. Masamba anali aziwisi, maliro anali enieni, azimayi ankaimba, abambo anali pamabenchi, ndipo magalimoto sanachepetse liwiro. Madalaivala anali atazolowera kusayang'ananso kumbali pamalo pamenepo. Minibasi inadutsa wailesi ikuphulika, fumbi linakwirira azimayi amene ankalira pabwalo, lina linagwera pa bokosi laling'ono limene akalipentala anali atangolitula. Inadutsa yachiwiri, inadutsa yachitatu. Abambo ankangoyang'anana. Ulemu umene munthu aliyense m'dziko muno amalandira kamodzi, ngakhale wosauka chotani, mng'ono wanga sanaulandire, chifukwa tinali titaugwiritsa ntchito mpaka kutha iye akadali moyo.

A Fenando anafika pa nthawi yawo ndi matumba atatu. Anatsika monga mwa masiku onse, anavula chipewa, ndipo atakankha pang'ono anaima. Anaona utsi, anamva nyimbo, anaona kukula kwa bokosi. Sanafunse munthu aliyense. Takisi ina itawadutsa mowakhudza chigongono, anakankhira njinga yawo pakati pa msewu n'kuigwetsa chopingasa. Thumba limodzi linaphulika, makala anamwazika mbali zonse. Iwo anakhala pa thumba lina, chipewa chili pabondo, atayang'ana kukona ya chigayo. Minibasi yotsatira inagwira mabuleki mpaka inapendekeka. Kondakitala anatsika akutukwana, anali yemwe uja wa chipewa chofiira, ndipo atafika pafupi anaona bokosi. Anavula chipewacho n'kuima pomwepo, osadziwa kopita nacho.

Pamenepo abambo ananyamuka pamabenchi. Anyamata amene anali atangobwera kokumba manda anali adakali ndi makasu m'manja, ndipo ndi makasu omwewo, dothi la kumanda lisanachoke n'komwe pa makasuwo, anaunda mitumbira itatu kudutsa msewu: wina pakona ya chigayo, wina kumunsi, wina pakati pa khomo lathu ndi mjigo. Atate anafika kuchokera ku Tete anyamatawo akuunda wachitatu, ndipo asanalowe m'nyumba analanda khasu kwa mnyamata wina. Kapitawo wa kontilakita anabwera patapita masiku ochepa, anatsika m'galimoto, anayang'ana mitumbirayo, anayang'ana azimayi amene anali adakali pasiwa, n'kukweranso n'kumapita. Patapita nthawi kamsewuko anakathira tala, mitumbira ija anaisandutsa mahampu enieni pamalo omwewo, ndipo pakona anaimikapo chikwangwani cha liwiro lochepa, chimene tinapempha m'kalata ya pepala la kope.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikusanthula nyengo imeneyo, kufuna kudziwa pamene cholakwa chinayambira. Alipo anthu m'kamsewu kathu amene mpaka lero amakhulupirira kuti amayi anaitana imfa ndi masamba awo, ndipo amayiwo, amene tsopano akalamba, ndikuganiza kuti amakhulupirira chimodzimodzi, chifukwa mtengo wa kesha anaudula ndipo chitsa chake anachitentha. Ine sindivomereza. Imfa inabwera tsiku limene msewu wa pakati pa nyumba za anthu unasalazidwa popanda woganizira kuti galimoto iziyenda bwanji pamene ana amawolokera. Masamba anabwera pambuyo pa kalata, pambuyo pa maulendo atatu, pambuyo pa mtumbira wosalazidwa ndi mwana womangidwa ku nsanamira. Komabe sindingadzichotse ndekha pa mlanduwu. Tinatenga lamulo lokhalo limene madalaivala ankalimvera popanda kukakamizidwa, tinalinamiza, ndipo tinaphunzitsa mwana wosamva kuti aziika moyo wake pa ilo. Mahampu atatu aja sanafune ndalama zambiri kapena nzeru zachilendo. Anafuna makasu ndi masana amodzi. Chimene chinasowa chinali chilolezo, ndipo chilolezocho chinapezeka pamene panapezeka bokosi.

Ana a m'kamsewu kathu lero amawoloka bwinobwino, ngakhale fulaye ndi jingo sizinabwererenso pakati pa msewu. Ndikapita kukaona amayi ndimakwera minibasi imene imadutsa komweko, ndipo ikafika pa hampu ya pakati, dalaivala amadandaula kuti anthu a kuno anawonjeza, galimoto zikutha masipuling'i, okwera ena n'kumavomereza. Ndimayang'ana pazenera, kumanzere kuli khonde lathu, kumanja kuli mjigo, ndipo ndimakumbukira kuti tsiku limenelo, pamsewu wonse uja, munthu yekhayo amene anasunga lamulo anali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, anaona masamba, n'kutikhulupirira.